MADZI A DIAMPHWE: AKUMWA NDANI, AKULIPIRA NDANI?

Anzanga a kunyanja, muwerenge kaye yonse musanaponye m'magulu ena.

Mwezi watha ndinali ku Nathenje kukakonza injini yopopera madzi kudimba kwa malume. Injini ndi injini basi, ya boti kaya ya kudimba. Vuto linali matope. Nditamaliza tinakaima pa mlatho wa Diamphwe pa msewu wa M1, pamalire a Lilongwe ndi Dedza, madzi ali ofiira ngati tiyi wamkaka. Madzi amenewa ndi athunso ife. Diamphwe amachokera ku mapiri a Dzalanyama, amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja kwathu ku Salima. Matope amene bambo amadandaula kuti akukwirira poswanira mpasa, ena amadutsa pansi pa mlatho umenewu.

Tiyambe kale. Atsamunda anaika Dzalanyama kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mzinda unakula, ukumwa madzi a Kamuzu Dam ku Malingunde, ochokeranso ku Dzalanyama komweko. Mzinda womwewo unkafuna makala, ndiye mitengo inayamba kutha mpaka mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi. Koma wowotcha makala sawotchera banja lake ayi, amawotchera mbaula za m'tauni.

Kenako kunabwera chilala cha El Niño. Mu April 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo ku Lilongwe madzi a m'mipope ankabwera mosinthanasinthana. Pa nthawiyo n'kuti pali pulani yomanga damu lalikulu pa Diamphwe. Izi ndi zimene akuluakulu a zakusintha kwa nyengo amati adaptation, kukonzeka kuti upirire nyengo imene yasintha kale. Ganizo labwino ndithu. Koma damu limamiza minda, madimba ndi manda, ndipo omira minda si amene amatsegula mpope ku Area 47. Nkhani ya kusamutsa anthu ndi chipukuta misozi itavuta, a World Bank anabwerera m'mbuyo. Maso anatembenukira kwathu: kupopa madzi a m'nyanja ku Salima mpaka ku Lilongwe, ntchito imene inapatsidwa kwa Khato Civils. Mu 2017 a Malawi Law Society anapita kukhoti kufunsa chifukwa chake ntchito ikuyamba asanaunike mmene ikhudzire chilengedwe.

Funso la pa Diamphwe ndi lomwelo la pa dziko lonse, kungoti mtsinje wake ndi waukulu. Kumtunda kuli mayiko amene awotcha malasha ndi mafuta kwa zaka zoposa 150. Kumunsi kuli ife. Musanditsutse ndi injini zathu za pa boti, utsi zimatulutsa inde, ndimaupuma tsiku lililonse, koma utsi wa Malawi yense ndi kadontho poyerekeza ndi wa America, China ndi ku Ulaya. Kuchepetsa utsi, komwe amati mitigation, ndi ntchito yawo poyamba.

Analonjeza. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera anati pofika 2020 azipereka $100 biliyoni pachaka, ndipo 2020 inakwana ndalamazo zisanakwane. Koma pali zinthu zina zosatheka kuzipirira: nyumba yapita, munda wasanduka miyala, mwana wafa. Zimenezi amati loss and damage, ndipo thumba lake analivomereza ku Egypt mu 2022. Miyezi inayi yokha itadutsa, mu March 2023, namondwe Freddy anagwetsa mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kuti dziko lathu lokha limangenso zowonongeka panafunika ndalama zoposa $600 miliyoni. Ku Dubai kumapeto kwa chaka chomwecho, mayiko onse pamodzi analonjeza pafupifupi $700 miliyoni m'thumba lija, zoti agawane mayiko onse osauka. Werengerani nokha, ine masamu ndinasiyira Fomu 4.

Malume sadziwa za Dubai. Iwo akudziwa kuti mvula ikuchedwa, ikabwera imabwera yonse tsiku limodzi, ndiye anagulitsa mbuzi ziwiri kugula injini ija, ndipo petulo amagula okha. Dzulo andiimbira kuti yatsekekanso ndi matope. Ndawauza kuti ndifika Loweruka, koma thiransipoti andilipirire.