Ndani akwere kavalo wamng'ono? Mbiri ya funso lozunguza eni ziweto

Pa Chinakanaka ku Mulanje, munthu akagula njinga yamoto yoti izichita kabaza, tulo timamuthawa pa nkhani imodzi: aipereke kwa mnyamata uti? Wina ndi waliwiro, madzulo amabwera ndi ndalama zooneka, koma ikatha miyezi itatu injini yayamba kale kutsokomola. Wina ndi wofatsa, zake n'zochepa, koma chaka chimatha njinga ikadali bwinobwino. Eni akavalo a mpikisano wolumpha akhala akuvutika ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 100. Kungoti chawocho n'chamoyo, chimachita mantha, ndipo sichiiwala msanga dzanja limene linachipweteka.

Ku Mulanje kavalo ndi mlendo, ndipo maina ake omwe akuulula zimenezi. Loti kavalo linachokera ku Chipwitikizi, chilankhulo chimene munthu amakumana nacho akangowoloka pa Muloza kulowa ku Milange. Loti hatchi ndi m'bale wake wa ihhashi wa Chizulu.

Chinamutsekereza ndi tizilombo. Mu 1866 David Livingstone analowera ku mtsinje wa Rovuma ndi ngamila, njati za ku India, nyulu ndi abulu, pofuna kuona ngati zingapirire kashembe. Zambiri zinatsala m'njira, zina chifukwa cha matenda, zina chifukwa cha nkhanza za oziyendetsa. Mu 1895 David Bruce, ali ku Zululand, anatsimikiza kuti kashembe ndiye amanyamula kachilombo kamene kamalowa m'magazi a ziweto. Palinso nthenda ina ya akavalo imene imafala ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma chakumadzulo ndi mbandakucha, ndipo ikalowa m'khola la akavalo osabayidwa katemera itha kupha 9 mwa 10 alionse. N'chifukwa chake pamene Henry Brown ankabzala tiyi ku Mulanje mu 1891, azungu ambiri ankayenda pa machila. Ntchito imene kwina inali ya msana wa kavalo, kuno inagwera mapewa a agogo athu. Chatsala ndi zizindikiro chabe: dzina la Gymkhana Club ya ku Zomba, lomwe linabwera ndi Angerezi kuchokera ku India komwe linkamveka pa masewera a akavalo, komanso makola ochepa okweza alendo monga a ku Kande ku Nkhata Bay.

Masewera olumphawo anabadwa chifukwa cha mipanda. M'zaka za m'ma 1700 minda yambiri ya ku England inatchingidwa, ndipo alenje othamangitsa nkhandwe pa akavalo anayenera kusankha: kuzungulira kapena kulumpha. Analumpha. Pofika mu 1900 kulumphako kunali pa ndandanda wa Olimpiki ku Paris.

Kakweredwe ka nthawi imeneyo kanali kankhanza. Kavalo akamanyamuka, wokwera ankatsamira chambuyo n'kukoka zingwe, kachitsulo ka m'kamwa n'kumang'amba nyamayo pa nthawi yomwe ikufuna kutambasula khosi. Kavalo wamng'ono akachitidwa zimenezi kangapo, amaphunzira phunziro limodzi basi, loti mtengo wopingasa ndi ululu, ndiye amayamba kukana. Amene anasintha zinthu ndi Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy wobadwa mu 1868. Iye ankayang'anitsitsa akavalo akulumpha opanda munthu pamsana, n'kuona kuti amadziwa okha polemera ndi popepuka. Anafupikitsa zopondera mapazi, n'kuphunzitsa okwera kudzuka pang'ono pa chishalo, kuweramira kutsogolo ndi kulola manja kutsatira kamwa la kavalo. Anamwalira mu 1907 atagwa pa kavalo ku Turin, koma kakhalidwe kake pa chishalo ndi komwe aliyense wolumpha akutsata lero.

Ngakhale zinali choncho, kwa nthawi yaitali wokwera ankasankhidwa potengera udindo wake, luso lili pambuyo. Ku Olimpiki, msilikali wololedwa anali wa udindo waukulu yekha. Mu 1948 timu ya Sweden inapambana golide pa mpikisano wa kayendedwe kaulemu ka akavalo, koma kenako inalandidwa chifukwa mmodzi wa iwo, Gehnäll Persson, sanali wa udindo wokwanira. Lamulolo linachotsedwa mu 1952, ndipo akazi analoledwa kulumpha mu 1956. Chaka chomwecho Pat Smythe wa ku Britain anabwerako ndi mendulo.

Mu 1956 momwemo, pa Olimpiki ku Stockholm, munachitika chinthu chimene aphunzitsi a akavalo sasiya kuchitchula. Hans Günter Winkler wa ku Germany anavulala mnofu wa m'chuuno m'chigawo choyamba, moti m'chachiwiri sankatha kugwira bwino chishalo ndi miyendo. Kavalo wake wamkazi, Halla, yemwe ali wamng'ono ankaoneka wovuta ndipo anali atayesedwa kale pa masewera ena osaphula kanthu, anamaliza bwalo lonse osagwetsa mtengo ndi umodzi womwe. Golide anali wawo. Zimenezo sizigulidwa pa msika. Zinachokera m'zaka zimene awiriwa anakhala akuzolowerana.

Ku America nako, chaka chomwecho, mphunzitsi wina wochokera ku Netherlands, Harry de Leyer, anagula ndi madola 80 kavalo wolima amene anali kale m'galimoto lopita kokaphedwa. Anamutcha Snowman. Atamugulitsa kwa mnansi, kavaloyo ankangolumpha mipanda kubwerera kwawo, ndipo de Leyer anazindikira chimene ali nacho. Mu 1958 Snowman anali katswiri ku Madison Square Garden.

Nkhani imene ingakhudze kwambiri Mmalawi ili ku Joni. Enos Mafokate, wobadwa mu 1944 ku Alexandra, anayamba ngati wantchito wa m'khola: kupala ndowe, kupesa, kudyetsa, kutenthetsa kavalo kuti bwana akwere. Tsankho linamutchingira mipikisano yambiri ya kwawo, koma mu 1980 anakalumpha ku Wembley ku London, ndipo mu 2007 anatsegula Soweto Equestrian Centre yophunzitsa ana a m'makomboni. M'makola a cha ku Kyalami, ku Joni komweko, ntchito yomwe Mafokate anayambira ikugwiridwabe ndi anthu akuda, ena mwa iwo obwera kuchokera kumpoto kwa Limpopo, Amalawi ali momwemo. Iwo ndiwo amayamba kudziwa kuti kavalo lero sanadye kapena akutsimphina pang'ono mwendo wakumbuyo. Maina awo sawerengedwa pa chimkuzamawu.

Nanga lero mwini kavalo wamng'ono amayang'ana chiyani? Poyamba ndi kalendala. Kavalo amaikidwa chishalo ali ndi zaka pafupifupi 3, amayamba kulumpha timitengo tatifupi ali ndi 4, pamene mafupa a msana wake amakhwima cha pa zaka 5 kapena 6. Ku Lanaken ku Belgium kumachitika mpikisano wa dziko lonse wa akavalo a zaka 5, 6 ndi 7, gulu lililonse palokha. Ku Olimpiki, komwe mitengo imakwezedwa mpaka cha pa mamita 1.65, salola kavalo wosakwana zaka 9. Ndiye wokwera amene walembedwa lero akuyamba ntchito imene zipatso zake mwina adzadya ndi wina.

Apa m'pamene eni ambiri amapunthwa. Amathamangira dzina lotchuka, kuiwala kuti katswiri amakhala ndi akavalo ambiri ndipo wamng'onoyo angamusiyire wophunzira wake. Odziwa amapita kukhola m'mawa wa pakati pa sabata. Amaona ngati akavalo a wokwerayo amamuyandikira akalowa, ngati manja ake ali ofewa, ndiponso chimene amachita kavalo akakana kulumpha. Pa mpikisano, kugwetsa mtengo kumadula mapointi 4, kukana koyamba 4 enanso, ndipo wokana kawiri amatulutsidwa. Wokwera wabwino wa akavalo aang'ono amalolera mapointiwo, amatsitsa mtengo kunyumba, mawa lake n'kuyambiranso.