"Memori" ndi "kufomata" akutitayitsa katundu

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira za makompyuta kuno ku Kabwe. Tsiku lina anandipeza pakhonde atakupatira laputopu m'khwapa. "Amalume, ndikufuna kuika Ubuntu pambali pa Windows, koma memori yachepa."

"Memori iti, mphwanga?"

Anangoti kukamwa yasa. Ndipo si iye yekha. M'timashopu tokonzera mafoni ndi makompyuta m'tauni muno, liwu limodzili laphimba zinthu ziwiri zosiyana ngati lichero ndi nkhokwe. RAM ndi lichero: mumaikapo chimene mukupeta panthawiyo, ndipo kompyuta ikazima, palichero payera. Disiki ndiyo nkhokwe, mosungira zokolola. Windows 11 imafuna lichero la 4 GB ndi nkhokwe yosachepera 64 GB. Mukangoti "memori," wogulitsa akupatsani chimene chili pafupi ndi dzanja lake.

Musandiyese wodana ndi mawu obwereka. Njanji inafika muno mu 1906, tauni ikutchedwa Broken Hill, ndipo liwu lakuti "sitima" tinalilandira mpaka linasanduka lathu. Chimene ndikukana ndi liwu losenzetsedwa mitolo iwiri.

Mphwangayo ankafuna nkhokwe, ndipo nazo zili mitundu iwiri. Hadi disiki ili ndi timbale tozungulira m'kati, nthawi zambiri ka 5400 kapena 7200 pa mphindi. Tcherani khutu, muimva ikung'ung'udza. Ndi yotchipa ndiponso yotakasuka, koma ikagwa pansi ili pantchito, lirani. SSD ilibe kanthu koyenda, imadzutsa kompyuta msanga, ndipo mabampu a m'minibasi saiopsa. Ndinamuuza kuti Windows ndi Ubuntu zikhale pa SSD, mafilimu ndi zithunzi apite ku hadi disiki. Ngati makinawo ali ndi malo a madisiki awiri, Windows ndi Ubuntu aliyense akhale ndi yakeyake. Mwini mitala amadziwa kuti nkhokwe imodzi ya akazi awiri sichedwa kuutsa mlandu, ndipo Windows ndi mkazi wamkulu wansanje: mukamulowetsa pambuyo, amatha kutseka khomo lotchedwa GRUB, mnzakeyo osaonekanso.

Tsono liwu loopsa kwenikweni ndi "kufomata." Talisandutsa thumba la tambe: kuika Windows yatsopano akuti kufomata, kuchotsa mavairasi kufomata, kugawa disiki kufomatanso. Pamene tanthauzo lake ndi limodzi: kusesa chigawo cha disiki n'kuchiyala mwatsopano, zonse zinali m'menemo n'kupita. Ine ndemwe ndinapsapo. Ndinauza mnyamata wina wokonza makompyuta kuti "mundifomatire," ndikutanthauza kuti andidulire kachigawo. Anachita ndendende zimene ndinanena, ndipo zithunzi za ukwati wa mwana wanga zinathera pomwepo. Ndikanamuimba mlandu wanji?

Chichewa chili nawo mawu okwana. Kugawa ndiko kudula disiki m'zigawo, monga timagawira munda. Kufufuta ndiko kuchotseratu. Kukopera ndiko kusunga zina pambali ntchito isanayambe. Palibe mwa atatuwa limene lingasokonezedwe ndi linzake, ngakhale ndi agogo amene sanagwirepo kompyuta.

Kugawako kulinso ndi mwambo wake. Windows imayala chigawo chake mwa NTFS, Ubuntu mwa ext4. Ubuntu, amene anatuluka mu 2004 ndi dzina lofanana ndi umunthu wathu, amawerenga za mnzake bwinobwino, koma Windows payokha siona za mu ext4. Choncho mafayilo ofunika mbali zonse aikeni pa chigawo chachitatu cha NTFS kapena exFAT, chikhale ngati bwalo la onse.

Mphwanga anagula SSD ya 512 GB, nalemba papepala asanapite kwa wokonza. Inunso mukapita, nenani momveka: "Mukopere kaye zanga, kenako mugawe disiki. Musafufute."