Civo ndi Chikho cha 1987

Madzulo ano tikamba za mpira wa miyendo, koma zigoli za Loŵeruka lapitali tizisiya. Tibwerera m'mbuyo kuti tione m'mene anthu a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe anasankhira matimu awo, ndi zimene zinagwera timu imene ili pakhomo pawo.

Kwa Chitukula, kwa Kabudula, ku Nambuma, ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Namitete, mpira wa matimu akuluakulu unaloŵera kukhutu, maso asanauone. MBC itayamba ntchito mu 1964, mwini wailesi m'mudzi anasanduka mfumu ya Loŵeruka masana. Mabatire ankayanikidwa padzuŵa kuti apirire mpaka wenzulo yomaliza. Maina amene ankamveka kaŵirikaŵiri anali a ku Blantyre: Wanderers, imene inayamba mu 1962, ndi Bullets, imene inabadwa mu 1967 oseŵera ena atapatuka ku Wanderers. Unali mkangano wa pachibale, ndipo alimi a fodya amene sanapondepo ku Blantyre anaulandira ngati wa pa mtundu pawo. Mpaka lero wina ndi wa Maule, wina wa Manoma, koma amadyera mbale imodzi.

Lilongwe itakhala likulu mu 1975, matimu a mumzindamo anayamba kukula. Silver Strikers inali ya Reserve Bank, Civo United ya ogwira ntchito m'boma. Mpikisano wa Super League unayamba mu 1986, ndipo chikho choyamba chinapita kwa Bata Bullets. Chaka chotsatira, 1987, Civo inachitenga, nikhala timu yoyamba kubwera nacho m'chigawo chapakati. Silver inadikira mpaka 1993.

Kuchokera pamenepo Civo sinachigwirenso chikhocho. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho ali ndi ana ake a ku sekondale. M'zaka zomwezi Bullets inachitenga kasanu ndi kaŵiri motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo Silver nayo inachitenga kangapo, kuphatikizapo mu 2013 ndi mu 2024. Chaka choŵaŵa kopambana chinali 2016: Kamuzu Barracks, timu ya asilikali ya mu Lilongwe momwemo, inatenga chikho, pamene Civo inatuluka mu ligi. Inabwereramo mu 2017 potenga malo a Epac, pa dzina la Civil Sporting Club, ndipo pambuyo pake inatchedwa Civil Service United. Koma pakamwa pa anthu dzina silinasinthe.

Chimene chimandigwira mtima ndi m'mene anthu amamutengera wochemerera Civo. Maule akagonja, wochemerera wawo sapita pa golosale masiku aŵiri, poopa kusekedwa. Civo ikagonja, mwini wake amapepesedwa ndi mawu otsika, monga tichitira pa siŵa. Ena amati chimenechi ndi chifundo. Ine ndimaona kuti kusekedwa kuli ndi ulemu wake, pakuti munthu amaseka timu imene amaiwopa. Kupepesedwa chaka ndi chaka kumapweteka mwakachetechete.

Mwina gwero lake ndi kubadwa kwa timuyi. Inamera mu ofesi, ndipo wa m'boma amasamutsidwa: lero ali ku Lilongwe, chaka chamaŵa ku Nsanje. Chikondi chotere chimavuta kusiyira ana. Amene atsala nacho m'midzi muno kaŵirikaŵiri ndi achikulire, monga mphunzitsi wopuma ntchito kapena mlangizi wakale wa zaulimi, amene anaona okha maseŵera a 1987 pa bwalo la Civo. Zidzukulu zawo zikakwera minibasi pa msewu wa Mchinji kupita ku bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017, zimakhala zitavala zofiira za Maule kapena zobiriŵira ngati mtambo za Manoma ndi Silver. Agogo amatsala pakhonde ndi wailesi yawo, kudikira zotsatira za Civo.