Minda ya ku Durban: Mbiri ya Gombe Losakana Mbewu

Ku Durban mbewu sivuta kumera. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, pamene madzi ofunda otchedwa Agulhas amatsetsereka kuchokera kumpoto, ndipo chifukwa cha madzi amenewa gombe la KwaZulu-Natal silidziwa chisanu chowaula masamba chimene olima maluwa a ku Johannesburg amalimbana nacho mu June ndi July. Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka. Nthambi imene mwaizika pansi lero, pakatha masabata ochepa yaphukira. Koma nthaka yotere sisankha: chabwino ndi choipa imalandira mofanana. N'chifukwa chake maonekedwe a Durban pa m'badwo uliwonse akhala akuchokera m'nazale, pa zimene anthu a nthawiyo anaona kuti n'zoyenera kufesa.

Azungu asanafike, anthu a m'derali anali atalima kale kwa zaka zoposa 1,000. Ankadzala mapira, mchewere, maungu, khobwe, nzama ndi misale, ndipo chimanga chinabwera pambuyo pake kudzera m'malonda a m'nyanja. Mtunda wa Berea, umene lero wadzaza nyumba, unali nkhalango yowirira ya msikidzi, kachere ndi mitengo ina ya m'gombe, ndipo njovu zinkadutsamo.

Munda wa zomera wa Durban Botanic Gardens unayamba mu 1849, ndipo pa minda yotere imene ikadalipo mu Africa, ndiwo wakale kuposa yonse. Unayambitsidwa ndi bungwe la atsamunda la Natal Agricultural and Horticultural Society, ndipo woyamba kuuyang'anira anali Dr Charles Johnston. Malo oyamba anali m'mbali mwa mtsinje wa Umgeni, kumene mvuu ndi ng'ona zinali zambiri, motero mu 1851 anausamutsira m'munsi mwa Berea, pomwe uli mpaka lero pa mahekitala 15. Amene amapitako masiku ano kukajambulitsa zithunzi za ukwati angaganize kuti mundawu unapangidwa kuti anthu azipumulamo. Oyambitsawo maganizo awo anali pa ndalama. Natal linali dziko latsopano la atsamunda lopanda chogulitsa kunja, ndipo funso linali lakuti ndi mbewu iti imene ingalemeretse mzungu pa gombe lofundali.

Mark McKen, wa ku Scotland, amene anali atagwirapo ntchito ku Jamaica, anayang'anira mundawu kuyambira 1851 mpaka 1853, n'kubwereranso mu 1860 mpaka imfa yake mu 1872. M'zaka zimenezo mbande zinkayenda pa sitima zapamadzi m'mabokosi agalasi otseka, ochokera ku munda waukulu wa Kew ku London ndi minda ina ya ufumu wa Britain, monga ya ku Mauritius ndi India. Ku Durban anayesa khofi, tiyi, nzimbe, chinanazi, mitengo ya mphira ndi mtengo wopangira kwinini. Khofi anaoneka ngati agwira, koma matenda a masamba ndi mbozi zoboola thunthu zinamugwetsa. Tiyi anakhazikika kwa kanthawi ku Kearsney, kumpoto kwa mzindawu, kumene James Liege Hulett anamudzala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Imene inapambana ndi nzimbe. Edmund Morewood anali atapanga kale shuga woyamba pa famu ya Compensation mu 1851, ndipo patangopita zaka makumi ochepa, nkhalango zambiri za m'gombe zinali zitagwetsedwa kuti pakhale minda ya nzimbe. Dzina la Illovo, limene Amalawi amaliwerenga pa paketi ya shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi la mtsinje wa kumwera kwa Durban.

Nzimbe zinafuna manja, ndipo apa m'pamene panalowa anthu amene anasintha minda ya Durban kuposa woyang'anira munda aliyense, ngakhale kuti mabuku a mbiri ya zomera sawatchula kawirikawiri. Pa 16 November 1860 sitima ya Truro inafika kuchokera ku Madras itanyamula Amwenye oposa 300 odzagwira ntchito ya kontalakiti. Pofika mu 1911, pamene ndondomekoyi inatha, anali atabwera oposa 150,000. Moyo wa m'minda ya nzimbe unali wowawa, ndipo ambiri akamaliza zaka zawo ankachoka n'kukabwereka kapena kugula kamalo kakang'ono m'madambo ozungulira tawuni: Springfield Flats, Clairwood, Sea Cow Lake, Riverside ndi Cato Manor. Malo ambiri anali onyowa, amene mzungu sankawafuna. Iwo anakumba ngalande, anathira manyowa, nawasandutsa madimba a tomato, kabichi, mabilinganya, therere, tsabola ndi ndiwo zamasamba. Pakhomo pawo ankadzala mango, nthochi, cham'mwamba, mtengo wa masamba okometsera ndiwo, ndi maluwa achikasu a marigold ogwiritsa ntchito popembedza. Pasanathe zaka zambiri, ndiwo zamasamba zodyedwa m'tawuni zinkachokera kwa iwo.

Ankafika ndi ngolo usiku pa msewu wa Victoria Street n'kugulitsa m'mamawa, mpaka mu 1934 pamene msika wa Early Morning Market unatsegulidwa ku Warwick. Madambowo anali ndi zoopsa zake: mu October 1917 mtsinje wa Umgeni unasefukira n'kukokolola nyumba ndi madimba a ku Springfield Flats, ndipo anthu ambiri anamira. Koma chimene chinathetsa madimbawa ndi lamulo. Pansi pa Group Areas Act ya 1950, boma la tsankho linalengeza mu 1958 kuti Cato Manor ndi dera la azungu. Mabanja a Amwenye anasamutsidwira ku Chatsworth, ena pambuyo pake ku Phoenix, pa mapuloti opanikizana. Anthu akuda amene ankakhala komweko anapititsidwa ku KwaMashu ndi Umlazi. Madambo ena anasanduka mafakitale. Mitengo ya mango imene inatsala m'mabwinja a Cato Manor inakhala mboni yosonyeza pamene panali makomo a anthu. Msika wa ku Warwick wokha unalimba, ndipo mu 2009 ochita malonda anakana mwamphamvu pamene khonsolo inafuna kumangapo sitolo zazikulu, mpaka ganizolo linalephereka.

Tibwerere ku Berea. Pambuyo pa McKen panabwera William Keit wa ku Germany, amene kenaka anayang'anira mapaki a mzindawu n'kudzala mitengo yambiri ya m'misewu. Mu 1882 udindo unapita kwa John Medley Wood, munthu wodziphunzitsa yekha, amene anabadwa ku England mu 1827 ndipo anali ndi famu ndi sitolo ku Inanda. Wood anathandiza kufalitsa nzimbe ya mtundu wa Uba, imene inalamulira minda ya Natal mpaka zaka za m'ma 1930. Koma mtima wake unali pa zomera za m'deralo. Anayambitsa nyumba yosungira zitsanzo za zomera zouma, nalemba mabuku asanu ndi limodzi otchedwa Natal Plants. Mundawu unayamba kufunsa kwambiri za zimene zinali pakhomo pomwepo.

Mu 1895, akuyenda m'nkhalango ya oNgoye ku Zululand, Wood anapeza chomera cha mtundu wa cycad chimene sanachionepo. Zomera za mtundu umenewu zimaoneka ngati kanjedza koma si kanjedza. Ndi zakalekale padziko, zinalipo zomera zamaluwa zisanayambe, ndipo pali chachimuna ndi chachikazi paokhapaokha. Chimene Wood anapeza chinali tsinde limodzi la mathunthu anayi, chachimuna. Mphukira ina inatumizidwa ku Kew mu 1899. Mu 1903 ndi 1907 wothandizira wake, James Wylie, anakazula mphukira zina ndi mathunthu awiri akuluakulu, amene akadali moyo m'mundawu ku Durban. Thunthu lomaliza linachotsedwa mu 1916 n'kupita nalo ku Pretoria. Kuyambira pamenepo Encephalartos woodii, monga chinatchulidwira polemekeza Wood, sichipezekanso m'tchire. Chachikazi sichinaonekepo, ngakhale kuti m'zaka zaposachedwa akatswiri afufuza nkhalangoyo ndi madroni. Zonse zimene zili m'minda ya padziko lapansi zinachokera ku tsinde limodzi lomwelo, pothothola mphukira monga tichitira ndi ana a nthochi.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Akanapanda kuchizula, mwina chikanatheratu. Komanso kuzulako kunayambitsa chilakolako chimene lero chikupulula zomera za mtunduwu: olemera amalipira ndalama zambiri kuti akhale nazo pakhomo, akuba amazikumba usiku, ndipo boma la South Africa limafuna chilolezo kwa aliyense wosunga kapena kugulitsa. Ifenso nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa m'munsi mwa phiri la Mulanje mumamera mbale wake, Encephalartos gratus.

Khonsolo ya mzinda inatenga mundawu mu 1913, ndipo zaka zotsatira zinali za kukongoletsa. Anazale ankagulitsa chilichonse chowala chochokera kutali: jakaranda wa ku South America, flamboyant wa ku Madagascar, bougainvillea, frangipani, hibiscus ndi kanjedza wa mitundumitundu. Ernest Thorp, amene anayang'anira mundawu kuyambira 1950 mpaka 1975, anamanga nyumba ya maluwa a orchid imene imatchedwa dzina lake. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo zomera za gombeli zinali kutchuka kunja. Amatungulu, chitsamba chaminga cha zipatso zofiira, chinasanduka mpanda ku California ndi Florida. Clivia miniata ndi Strelitzia nicolai, ija yooneka ngati nthochi yakutchire, zinalowa m'nyumba za ku Ulaya. Eni dziko ankaziona ngati tchire wamba.

Kuipa kwa kukongoletsako kunaoneka pang'onopang'ono. Zomera zina zobwera zinalumpha mipanda. Lantana anadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'malo odyetsera ziweto. Mtengo wa indiya ndi gwafa zinafalikira ndi mbalame. Namasupuni, yemweyu amene amavutitsa mu Shire, anaphimba mitsinje ndi madamu. Choopsa kwambiri chinali Chromolaena odorata, chitsamba cha ku America chimene chinaoneka pafupi ndi Durban m'zaka za m'ma 1940 n'kuyanga gombe lonse mpaka m'nkhalango zosungira nyama za ku Zululand. Mu 1995 boma latsopano linayambitsa ntchito ya Working for Water, yolemba anthu osauka kuti azidula ndi kuzula zomera zoterezi, ndipo malamulo otsatira analetsa anazale kugulitsa mitundu yambiri imene inali m'makatalogi awo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo jakaranda.

Kusintha kwa maganizo kunayambanso kuchokera mbali ina, ya asing'anga. Msika wa mankhwala azitsamba wa ku Warwick ndi umodzi mwa ikuluikulu m'dzikolo, ndipo makungwa, mizu ndi anyezi akutchire zimafikako m'matumba. Pofika m'zaka za m'ma 1980 mitengo ina inali itasendedwa mpaka kufa. Isibhaha, mtengo wa makungwa owawa ngati tsabola amene amachizira chifuwa, unasowa. Chikasu chakutchire chotchedwa isiphephetho chinatheratu m'tchire la KwaZulu-Natal. Kumanga okumba zitsamba sikunathandize. Pamenepo Geoff Nichols wa ku dipatimenti ya mapaki, mogwirizana ndi asing'anga a Chizulu, anayambitsa nazale ya zitsamba zamankhwala ku Silverglen, ku Chatsworth. Ine ndimaiona nazale imeneyi kukhala yofunika kuposa nyumba ya orchid, chifukwa inavomereza kuti sing'anga ndi katswiri wa zomera, ndi kuti njira yotetezera mtengo umene anthu akuufuna ndiyo kuwaphunzitsa kuufesa. Mu 1993 buku la Elsa Pooley lofotokoza mitengo ya Natal, Zululand ndi Transkei linapatsa eni nyumba mayina ndi zithunzi za mitengo yakwawo, ndipo anazale anayamba kuika msikidzi, umsinsi wa maluwa ofiira ndi aloe pa mashelefu akutsogolo.

Nazale yatsopano koposa ilibe mpanda kapena chikwangwani. Mu 2008, pokonzekera mpikisano wa mpira wa World Cup wa 2010, khonsolo ya mzindawu, yotchedwa eThekwini, ndi bungwe la Wildlands Conservation Trust anayamba kubwezeretsa nkhalango pa malo amene kale anali minda ya nzimbe, ozungulira dzala lalikulu la zinyalala la Buffelsdraai, pafupi ndi Verulam. Anthu a m'midzi yoyandikana, ambiri mwa iwo amayi, amatola njere za mitengo yachilengedwe, amazifesa pakhomo m'mabotolo odula a pulasitiki, ndipo mbande zikakula amazisinthanitsa ndi chakudya, zipangizo zomangira, njinga kapena fizi ya ana. Mitengo mazana a masauzande yadzalidwa motere.

Mavuto atsopano sakusowa. Mu 2017 kachikumbu koboola mitengo kochokera ku Asia kanapezeka koyamba ku Pietermaritzburg. Kamalowetsa nkhungu imene imatseka misempha ya mtengo, ndipo kafika ku Durban, kosasiyanitsa mtengo wobwera ndi wachilengedwe. Chigumula cha April 2022, chimene chinapha anthu oposa 400, chinakokolola mchenga wofiira wa m'mitunda ya mzindawu pamodzi ndi nyumba ndi minda. Ndipo amene akudzalanso m'malo otsetsereka amenewa, ku Umhlanga, Westville ndi Durban North, ambiri ndi antchito a m'gadeni: Azulu, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi Amalawi ochuluka ndithu ochokera ku Mangochi, Machinga, Nkhata Bay ndi Mzimba. Ena anaphunzira kuokera mbande pa nazale ya fodya kapena pa dimba la kwawo, ndipo ndi iwo amene amasiyanitsa mphukira ya lantana yofunika kuzula ndi kamsikidzi kofunika kusiya.