Kucokera ku Lusaka kufika ku Lilongwe: mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandeke

Mtunda wa pakati pa mzinda wa Lusaka ndi mzinda wa Lilongwe, likulu la dziko la Malawi, ndi makilomita pafupifupi 600 pouyesa molunjika mumlengalenga. Ndeke yonyamula anthu imene siima kwina imatha mtunda umenewu m'nthawi yopitirira pang'ono ola limodzi. Nthawi ya m'maiko awiriwa ndi imodzimodzi, kotero wapaulendo sasintha wochi yake akafika.

Nkhaniyi imakhudza mabanja ambiri a m'makomboni a mu Lusaka amene ali ndi abale ku Malawi, makamaka pamene kwabwera uthenga wa matenda kapena maliro. Munthu wotere ayenera kudziwa kuti ola limeneli ndi la mumlengalenga cabe. Ulendo weniweni umayambira pakhomo.

Ndeke zimanyamukira pa bwalo la Kenneth Kaunda International Airport, limene linatsegulidwa m'caka ca 1967 ndipo linapatsidwa dzina limeneli mu 2011. Bwaloli lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kumpoto cakum'mawa kwa mzinda, ndipo njira yake imapatuka pa msewu wa Great East. Anthu okhala ku Mtendere ndi ku Kalingalinga ali mbali yomweyo ya kum'mawa. Koma ocokera ku Kanyama, George, Matero ndi Chawama amayamba adutsa mzinda, kumene magalimoto amathithikana m'mawa ndi madzulo. Kuwonjezera apo, wopita kunja kwa dziko amafunika kufika pabwalo kutatsala maola awiri kapena kuposerapo, kuti katundu apimidwe ndi pasipoti idindidwe.

Ku Malawi ndeke imatera pa bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kumpoto kwa Lilongwe. Kuphatikiza zonsezi, munthu wocokera ku Kanyama amatha maola asanu kapena kuposerapo asanafike m'kati mwa Lilongwe.

Ulendo wa pamsewu ndi wotalikirapo, cifukwa ndi makilomita oposa 700. Mabasi amanyamukira pa Intercity Bus Terminus ndi kutsata msewu wa Great East, kudzera ku Chongwe, pa mlatho wa Luangwa, ku Nyimba, Petauke ndi Katete, mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Kucokera pamenepo amaloza ku malire a Mwami ndi Mchinji, kumene m'caka ca 2022 maboma awiriwa anatsegula ofesi imodzi yoonera mapepala a olowa ndi oturuka. Ulendo wonse umatenga maola khumi kapena kuposerapo, malinga ndi mmene msewu uliri ndiponso kucuruka kwa anthu pamalire.

Mtengo wa tikiti ya ndeke ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi wa basi, ndiye cifukwa cake anthu ambiri a m'makomboni amayenda pamsewu. Palinso za kumene munthu akupita. Ngati mudzi wake uli m'boma la Mchinji, basi imadutsa komweko isanafike ku Lilongwe, pamene wokwera ndeke amafunika kubwereranso cakumadzulo makilomita oposa 100. Amene asankha ndeke ayenera kufunsiratu tsiku limene ikunyamuka, ndiponso ngati ikupita molunjika, popeza ndeke yodzera mumzinda wina imawonjezera maola angapo pa ulendo.