Maphunzilo a kusinkhasinkha kwa Cibuda: zofunika kudziwa munthu asanalembetse

Anthu a mu mzinda wa Chipata ndi madela ozungulila amene afuna kuphunzila kusinkhasinkha kwa Cibuda amakumana ndi vuto limodzi lalikulu. Otsatila cipembedzoci ndi ocepa kwambili mu Zambia, ndipo malo odziwika bwino ophunzitsilako ali kutali. Kaamba ka ici, nkhani za maphunzilowa zimafika makamaka pa foni, kudzela pa Facebook, YouTube ndi WhatsApp, kumene munthu aliyense angathe kudzicha mphunzitsi.

Cimene cingateteze wophunzila watsopano ndi kudziwa mmene mphunzitsi woona amacitila zinthu. Cibuda cili ndi malamulo akeake onena za ndalama, khalidwe ndi ufulu wa wophunzila. Malamulowo ndiwo muyeso woyesela aliyense amene akuitanila anthu ku maphunzilo.

Kusinkhasinkha kumeneku n'kotani?

Cibuda cinayamba zaka pafupifupi 2,500 zapitazo kumpoto kwa India. Woyambitsa wake, Siddhartha Gautama, anabadwila ku Lumbini, dela limene lelo lili m'dziko la Nepal, ndipo dzina lakuti Buddha litanthauza munthu amene wagalamuka. Cipembedzoci cili ndi nthambi zitatu zikuluzikulu: Theravada ya ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar, Mahayana ya ku China, Taiwan, Korea ndi Japan, komanso Vajrayana yodziwika kwambili ku Tibet.

Woyamba kumene amaphunzitsidwa zinthu zosavuta kumva koma zofuna khama. Amakhala pansi kapena pa mpando, msana uli woongoka, ndi kuika maganizo pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawila ku ngongole ya feteleza kapena ku ndalama za sukulu ya ana, amawabweza mofatsa ku mpweya uja. Njila imeneyi imachedwa anapanasati. Palinso vipassana, kumene ndi kupenyetsetsa zocitika m'thupi ndi mumtima popanda kuzikankha kapena kuzikakamila, ndi metta, kumene ndi kudzizoloweza kufunila zabwino anthu onse, ngakhale adani. M'njila zitatuzi mulibe kuitana mizimu, kumwa mankhwala, kutema mphini kapena kupeleka nsembe ya cifuyo.

Palinso maphunzilo ena amene anacokela ku njila zomwezi koma sakhudza cipembedzo. Ochuka kwambili ndi amene anayambitsidwa mu 1979 ndi a Jon Kabat-Zinn pa sukulu ya udokotala ya University of Massachusetts ku America, ndipo amatenga masabata 8. Mphunzitsi wacilungamo amanena poyela kuyambila tsiku loyamba ngati zimene aphunzitsa ndi za cipembedzo kapena ai.

Zimene malamulo a Zambia akunena

Pa 29 Disembala 1991 mtsogoleli wa dziko pa nthawiyo, a Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo cilengezoci cinalowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko mu 1996. Kalembela wa mu 2010 anaonetsa kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse ndi Akhristu. Komabe, gawo 19 la malamulo omwewo limapatsa munthu aliyense ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo. Motelo kuphunzila kusinkhasinkha kwa Cibuda si mlandu.

Mabungwe a zipembedzo afunika kulembetsa ku ofesi ya Registrar of Societies, imene ili pansi pa unduna woona za m'dziko. Palibe colakwa ngati wophunzila apempha kuona setifiketi ya bungwe limene likumuitana.

Malo odziwika m'maiko ena

Kwa munthu wa ku Chipata, dziko lapafupi ndi Malawi, kudzela pa cipata ca Mwami ndi Mchinji. Kumeneko malo ochuka a Cibuda ndi Amitofo Care Centre, kufupi ndi mzinda wa Blantyre, amene anayambitsidwa ndi a Hui Li, mmonke wa ku Taiwan, kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000. Malowa ndi osungilako ana amasiye, kumene anawo amaphunzilanso Cichaina, masewela a kung fu ndi miyambo ya Cibuda. Filimu ya mu 2019 yochedwa Buddha in Africa, yojambulidwa ndi a Nicole Schafer, inaonetsa moyo wa kumeneko ndi mafunso okhudza cikhalidwe ca makolo a anawo. Nchito yaikulu ya malowa ndi kulela ana, osati kuphunzitsa akuluakulu oyamba kusinkhasinkha.

Ku South Africa kuli kacisi wamkulu wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kum'mawa kwa Pretoria. Nchito yomanga inayamba mu 1992 pansi pa bungwe la Fo Guang Shan la ku Taiwan, ndipo kacisiyu wakhala akucititsa maphunzilo a oyamba kumene. M'dziko lomwelo muli Buddhist Retreat Centre ku Ixopo, imene inatsegulidwa mu 1980, ndi Dhamma Pataka kufupi ndi Worcester, kumene amaphunzitsa vipassana motsatila njila ya a S. N. Goenka, amene anamwalila mu 2013.

Ku Uganda, a Bhante Buddharakkhita, mbadwa ya dzikolo, anayambitsa Uganda Buddhist Centre kufupi ndi Entebbe mu 2005. Malo onsewa ali ndi adilesi yodziwika, atsogoleli odziwika maina ndi bungwe lalikulu limene munthu angafunseko. Amene akunena kuti anaphunzila kumeneko, mau ake angatsimikizidwe polembela kalata ku malowo.

Zizindikilo za mphunzitsi wodalilika

Coyamba ndi mbili ya maphunzilo ake. M'Cibuda mphunzitsi aliyense ali ndi mphunzitsi wake. Woona amachula mosavuta dzina la amene anamuphunzitsa, malo, zaka zimene anakhalako ndi amene anamulola kuphunzitsa ena. Amene amati nzelu zake anazilandila m'maloto, kapena amene amakwiya akafunsidwa, ndi wofunika kusamala naye.

Caciwili ndi ndalama. Mwambo wakale wa Cibuda umati ciphunzitso sicigulitsidwa, ndipo wophunzila amapeleka mwa kufuna kwake, copeleka cimene cimachedwa dana. Pa maphunzilo a masiku 10 a njila ya a Goenka palibe malipilo a cakudya, malo ogona kapena maphunzilo, ndipo zopeleka zimalandilidwa kucokela kwa okhawo amene anatsiliza kale maphunzilowo. Malo ena amalipilitsa cakudya ndi malo ogona, koma mtengo wake umalengezedwa poyela munthu asanafike. Amene akuuza munthu kutumiza ndalama pa nambala ya foni ya munthu mmodzi kuti amutsegulile mwai wapadela, sakutsata mwambo umenewu.

Cacitatu ndi khalidwe. Abuda wamba amasunga malamulo asanu: kusapha, kusaba, kusacita ciwelewele, kusanama ndi kusaledzela. Amonke ali ndi malamulo ena ambili ochedwa Vinaya. M'nthambi ya Theravada mmonke saloledwa kulandila ndalama m'manja kapena kukhala yekha ndi mkazi pamalo obisika. Kugonana, kuba, kupha munthu ndi kunama kuti ali ndi mphamvu zauzimu ndi milandu inai imene imacotsetsa munthu pa umonke kothelatu.

Cacinai ndi malonjezo. Kusinkhasinkha kumathandiza anthu ambili kukhazika mtima pansi, koma sikubweletsa cuma, sikubweza mwamuna kapena mkazi amene anathawa, ndipo sikupambanitsa mlandu ku khoti. Wolonjeza zotele sasiyana ndi olemba timapepala tija tomatidwa pa mitengo ya magetsi m'tauni.

Cacisanu ndi ufulu. Wophunzila sakakamizidwa kusiya chalichi cake, kusintha dzina, kubisila abale ake zimene akuphunzila kapena kulumbila kuti sadzacoka. M'lemba lakale lochedwa Kalama Sutta, Buddha analangiza anthu amene anasokonezeka ndi kuculuka kwa aphunzitsi kuti asavomeleze cinthu kaamba ka kuchuka kwa wocinena, koma aone ngati cikucepetsa umbombo, cidani ndi kusokonezeka kwa maganizo.

Kuchuka sikutsimikizila cilungamo

Ngakhale mabungwe aakulu a Cibuda anakumanapo ndi milandu. Mu 2017 ophunzila 8 a bungwe la Rigpa analemba kalata yoimba mlandu mtsogoleli wao, a Sogyal Rinpoche, wa kumenya ophunzila ndi kucitila akazi nkhanza zokhudza kugonana. Mkuluyo anatula pansi udindo caka comweco, ndipo kafukufuku wa maloya a ku London amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti ophunzila ena anacitilidwadi nkhanza. Nkhaniyi ionetsa kuti mkanjo ndi dzina lomveka sizokwanila. Bungwe labwino limakhala ndi malamulo olembedwa a khalidwe ndi njila yodandaulila. Mu Zambia, wocitilidwa nkhanza kapena wobeledwa ndalama angakanene ku polisi, kumene kulinso nthambi ya Victim Support Unit.

Za thanzi

Maphunzilo a masiku ambili ndi olemela. Pa aja a masiku 10, ophunzila amadzuka 4 koloko m'mawa, amasinkhasinkha maola pafupifupi 10 pa tsiku, salankhulana kwa masiku 9 ndipo amasiya mafoni ao kwa oyang'anila. Munthu amene anadwalapo matenda a maganizo, kapena amene wangofeledwa kumene, angavutike kwambili. N'cifukwa cake malo odalilika amafunsa za thanzi la munthu asanamulandile. Wodwala ayenela kuyamba waonana ndi dokotala ku Chipata Central Hospital kapena ku kiliniki yapafupi. Mphunzitsi amene auza munthu kusiya ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a matenda a maganizo akuika moyo wa munthuyo pa ciswe.

Mkhristu ndi banja lake

Dela la Chipata lili ndi mbili yaitali ya Cikhristu, kuyambila pamene amishoni a Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899. Mipingo imasiyana maganizo pa nkhani ya kusinkhasinkha kwa kum'mawa, ndipo ina imakanilatu. Mu 1989 likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican linatulutsa kalata yosainidwa ndi Cardinal Joseph Ratzinger. Kalatayo sinakane njila zonse za zipembedzo zina, koma inacenjeza kuti zisalowe m'malo mwa pemphelo la Cikhristu. Mkhristu amene afuna kuyesa amacita bwino kukambilana ndi abusa kapena ansembe ake ndi a m'banja mwake. Zocita mobisa ndizo zimabutsa mphekesela za Satana m'makomboni ndi m'midzi.

Kwa woyamba kumene, mphindi 10 kapena 15 pa tsiku ndi zokwanila. Akapita ku gulu koyamba, ndi bwino kupita masana, pamalo oonekela, pamodzi ndi mbale kapena mnzake, ndipo asalipile ndalama zambili asanaone mmene zinthu zimayendela. Makolo anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi wodalilika amayankha mafunso onse mosakwiya, ndipo salimbana ndi wophunzila amene wasankha kusabwelanso.