Kucokela pa Ulere kufika pa K200

Agogo athu a kum'mawa anali kupita ku nchito ndi miyendo. Msonkho wa atsamunda utafika, mwamuna wa ku Petauke kapena ku Fort Jameson, kumene lelo timati Chipata, anali kumanga kamba, kutsikila ku Feira, kuoloka Zambezi, n'kuyenda masabata angapo kukafuna nchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena anathela m'njila ndi njala, malungo kapena zilombo. Wofika wamoyo sanabwezeledwe ngakhale khobili la ulendowo.

M'zaka za m'ma 1930, boma la ku Salisbury linayamba kutumiza malole onyamula ofuna nchito mosalipilitsa. Anthu anawapatsa dzina la m'cinenelo cathu: Ulere. Koma sicinali cifundo. Alimi acizungu a fodya anali kusowa anchito, ndiponso anali kuopa kuti anthu apitilila ku Joni, kumene malipilo anali okwelako. Nayo WENELA inali kunyamula amuna a ku Barotseland kupita ku migodi ya golide, mpaka boma la a Kaunda linailetsa mu 1966. Nthawi imeneyo bwana anali kulipila ulendo pokhapokha ngati iye ndiye wapanikizika.

M'tauni nkhani inali ina. Ku Copperbelt makomboni anamangidwa pafupi ndi mgodi, koma mu Lusaka, Matero ndi Chilenje anaikidwa patali ndi mayadi a azungu. Wanchito anali kulawila m'mamawa pa njinga kapena wapansi. Titalandila ufulu tinakwela mabasi a UBZ. Kampaniyo itagwa m'ma 1990, tinatsala ndi maminibasi, amene mtengo wake umakwela mafuta akangokwela.

Lelo ndalama ya thilansipoti inalembedwa m'malamulo a malipilo ocepetsetsa. Wanchito wa m'sitolo, wa m'nyumba, ndi ena amene malamulowa awateteza, ngati akhala mtunda wopitilila makilomita atatu kucoka ku nchito ndipo bwana samupatsa galimoto, ayenela kulandila ndalamayi mwezi uliwonse. Mu 2012 inali K102,400 ya ndalama zakale, mu 2018 inafika pa K153.60, ndipo kuyambila mu January 2024 inakhala K200. Lamulo la Employment Code la mu 2019 likutinso bwana amene anakutenga kutali akulipilile ulendo wobwelela kumene anakutenga nchito ikatha.

Tonse tidziwa kuti K200 simaliza mwezi kwa mayi wocoka ku Kanyama kukasesa ku Kabulonga. Ndiye cifukwa cake tikali kuona mizele ya anthu oyenda pansi dzuwa lisanatuluke. Ngakhale yocepayo, ambili salandila, poti saidziwa kapena aopa kucotsedwa nchito.

Agogo athu analibe pepala lililonse loonetsa bwana. Ife tili nalo. Mwezi uno tikalandila, tiyang'ane ngati ya thilansipoti ilimo. Ngati mulibe, tifunse abwana mwaulemu, ndipo akakana, tipite ku ofesi ya leba ya m'boma lathu.